Malo athu mu siling'i: mmene BIM inatigwirira ntchito ife a magetsi

Aliyense amene anakokapo waya m'nyumba yosanja akudziwa kuti wa magetsi amafika anzake atagawana kale malo. Mukachotsa bolodi imodzi ya siling'i m'kolido n'kusuzumira, mupeza ma duct a mpweya atakhala pakati penipeni, mapaipi a zimbudzi atatsetsereka mmene afunira, mapaipi ozimitsira moto atalowa pamene panatsala, ndiye inu mwaima pa makwerero ndi cable tray (chitsulo chogonekapo zingwe za magetsi) ya mamilimita 300 kufunafuna podutsa. Kwa zaka zambiri ndinkangoti ndi mmene ntchito yathu ilili. Tinkadula tray, kuikhotetsa, kuikweza, kuitsitsanso, ndipo ndalama ya zitsulo zodulidwazo pamodzi ndi masiku otayikawo inkachoka m'thumba mwathu.

Ndikulemba izi titangomaliza ntchito yoyamba imene tinaiyendetsa ndi BIM kuchokera pa maziko mpaka kupereka makiyi. Inali nyumba ya nsanjika zinayi. Pansi panali chipinda cha jenereta ndi bolodi yaikulu ya magetsi, pamwamba maofesi ndi zipinda zopimiramo zinthu, zomwe zimafuna magetsi ambiri komanso mpweya wosefedwa. Kontrakitala wamkulu analemba mu mgwirizano kuti aliyense wa ife, a magetsi, a mipope ndi a mpweya, abwere ndi model yake. Ife tinalibe munthu wodziwa zimenezi, choncho tinagwirizana ndi kampani yaing'ono yomwe ntchito yake ndi kujambulira makontrakitala a magetsi. Dzina lawo sinditchula chifukwa ndinenanso pamene anaphonya, ndipo sindikufuna kuti zolakwa za miyezi yoyamba ziwatsekere ntchito anthu amene pamapeto anatithandiza kwambiri.

Kwa inu amene simunakumane nayo, BIM si bimu ya konkire ija, ngakhale pa saiti mawuwa amamveka mofanana. Ndi chidule cha Building Information Modeling, kutanthauza kumanga nyumba yonse mu kompyuta isanamangidwe pansi. Chimene chimaisiyanitsa ndi chithunzi wamba cha 3D n'chakuti chinthu chilichonse mu model chimadziwa chimene chili. Mukadina pa soketi, imakuuzani kuti ili pa circuit (mzere wa magetsi) iti, ikuchokera ku DB (bolodi yogawa magetsi) iti, ili pa msinkhu wanji kuchokera pansi, ndiponso imakoka magetsi ochuluka bwanji. Mukaisuntha pa pulani, imasunthanso pa chojambula china chilichonse pamene ikuoneka, ndipo mndandanda wa zipangizo umasintha wokha. Anzathu otijambulirawa anagwiritsa ntchito Revit pojambula ndi Navisworks Manage pophatikiza model yathu ndi za ena. Mapulogalamuwa si atsopano. Revit inatuluka koyamba mu 2000 ndipo Autodesk inaigula mu 2002, pamene Navisworks, yomwe inayambira ku Sheffield ku England, inalowa m'manja mwa kampani yomweyo mu 2007. Amene tinachedwa kufika ndi ifeyo.

Chiyambi sichinali chokoma. Model yoyamba imene anatitumizira inali yooneka bwino kwambiri pa sikirini, mitundu yonse ili m'malo mwake, ndipo ineyo ndinakondwa. Akapitawo athu, bambo amene agwira ntchito ya magetsi nthawi yaitali kuposa ine, anaiyang'ana mwakachetechete kwa mphindi zingapo kenako anafunsa mnyamata wojambulayo kuti, "Achimwene, chingwe ichi munayamba mwachikokapo ndi manja?" Ankaloza tray yochokera ku bolodi yaikulu kupita ku riser (mpata wokwezeramo zingwe ku nsanjika zapamwamba), yomwe inali itakhotetsedwa kanayi pa mtunda wosakwana mamita 6 pofuna kupewa ma duct. Pa tray imeneyo pankayenera kugona zingwe zonenepa zokutidwa ndi zitsulo, zija timati armoured. Chingwe chotere sichipindika ngati mmene mzere umapindikira pa kompyuta. Opanga zingwe amanena okha kuti ngodya yake ikhale yotakasuka ka 6 kapena ka 8 kuyerekeza ndi kunenepa kwa chingwecho, malinga ndi mtundu wake, ndipo anthu ochikoka amafunikanso poima ndi pogwira. Malo ena tray inali itagunda pansi pa silabu, pamwamba pake osasiya mpata woti dzanja lilowe kugoneka waya ndi kumanga.

Mnyamatayo sanatsutse. Anavomera kuti sanagwirepo ntchito pa saiti, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti tingathe kugwira nawo ntchito. Tinagwirizana kuti kawiri pa sabata akapitawo azikhala naye pa kompyuta maola awiri. Iwo ankanena kumene chingwe chingadutse, iye ankajambula. Mukandifunsa chinthu chimodzi chimene chinapulumutsa ntchito yathu, ndi maola amenewo. Pulogalamu imadziwa kuti zinthu ziwiri zagundana, koma sidziwa kulemera kwa dramu ya chingwe kapena mmene msana umapwetekera mukamakoka mopingasa.

Vuto lachiwiri linali la manambala a malo. Model ya aliyense imayenera kuyambira pa mfundo imodzi yogwirizana, kuti zikaphatikizidwa zikhale pamodzimodzi. Yathu itaphatikizidwa koyamba, zonse zinali zitasuntha pang'ono kupita mbali imodzi, moti masoketi anali kunja kwa makoma ndipo nyale zina zinali mkati mwa mabimu. Anzathuwa anali atatengera mfundo yolakwika. Kukonza kwake kunali kwa tsiku limodzi, koma msonkhano wa sabata imeneyo unatipita, ndipo a mpweya anapeza mpata wotenga malo amene ife tinkawafuna.

Tsopano ndinene za misonkhano ya clash, yokambirana zinthu zogundana mu model, chifukwa apa ndi pamene pali phindu lenileni. Lachiwiri lililonse aliyense ankatumiza model yake, wogwirizanitsa ntchito ankaziphatikiza mu Navisworks, n'kuyendetsa chida chotchedwa Clash Detective. Chidachi chimafufuza paliponse pamene zinthu za anthu awiri zalowana. Pali kugundana kwenikweni, monga conduit (paipi yodutsitsamo waya) yodutsa mkati mwa paipi ya madzi, ndipo pali kuyandikana mopitirira muyezo umene mwauika nokha, monga tray ya magetsi amphamvu yoyandikira kwambiri tray ya zingwe za data. Ulendo woyamba mndandanda unali wautali moti ndinagwa mphwayi. Kenako ndinazindikira kuti tray imodzi ikagona pa paipi imodzi kolido yonse, kompyuta imawerenga kugundana pa chidutswa chilichonse, pamene vuto ndi limodzi lokha. Anzathu aja anali aluso pa kusanja zimenezi m'magulu, ndipo pofika mu msonkhano tinkakhala ndi nkhani zochepa zenizeni zoti tikambirane.

Mu msonkhanomo muli dongosolo limene palibe amene amalitsutsa. Mapaipi a zimbudzi ndi a madzi a mvula amayenda motsetsereka, ndiye sangakwere kapena kutsika mwachisawawa, amayamba ndiwo. Ma duct akuluakulu amatsatira chifukwa kuwakhotetsa kumachepetsa mphamvu ya mpweya. Ife timaikidwa kumapeto poti waya amapindika. Dongosololi ndi lomwe lija la pa saiti, koma kusiyana kwake n'kwakuti pano nkhaniyo inkakambidwa chitsulo chilichonse chisanagulidwe. Ndinkatha kunena kuti, "Pano zingwe zanga zikuluzikulu sizingakhote, tsitsani duct yanu mamilimita 150," ndipo wa mpweya ankayang'ana n'kuona kuti kwa iye n'kusintha kwa mphindi zisanu. Pa saiti pempho lomwelo likanakhala mkangano wa sabata yathunthu, duct itapachikidwa kale ndi kukutidwa, ndipo wogonja akanakhala ine. Kwa nthawi yoyamba pa ntchito yanga ndinaona kolido imene tray yathu ili ndi njira yakeyake yowongoka kuchokera ku riser mpaka kumapeto.

Chanzeru china chimene anzathuwa anachita, popanda ife kuwapempha, chinali kujambula malo opanda kanthu. Patsogolo pa DB iliyonse anaikapo bokosi looneka mkati, lotalika kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mutu wa munthu, loimira malo amene mmisiri amafunika kuima potsegula chitseko ndi kugwira ntchito. Malamulo a magetsi amafuna malo amenewa. Mwachitsanzo, buku la malamulo a ku America, NEC, limanena pa ndime 110.26 kuti patsogolo pa bolodi wamba pakhale mpata wosachepera pafupifupi masentimita 90. Popeza bokosilo linali chinthu mu model, aliyense wodutsitsa paipi pamenepo ankagwidwa ndi Clash Detective. Tinagwira paipi ya madzi imene inkadutsa pamwamba penipeni pa bolodi yaikulu. Ndinaonapo kale bolodi itapsa chifukwa cha joini yodontha, ndipo tsiku limenelo mtima wanga unakhala pansi. Anachitanso chimodzimodzi pamwamba pa ma tray, kusiya mpata wa dzanja umene akapitawo ankaunena uja.

Koma chimene chinabweza ndalama yathu mwachangu ndi mabowo. Pa ntchito za kale, tinkadikira konkire kuuma, kenako n'kuyamba kupempha chilolezo choboola silabu ndi mabimu. Injiniya wa zomangamanga amakana kapena amachedwa kuyankha, ndipo akulondola, chifukwa kuboola kumadula zitsulo zimene zanyamula nyumba. Pa silabu yokhala ndi nthambo zokokedwa mwamphamvu mkati mwake, ija amati post-tension, kuboola mwachimbulimbuli kungathe kupha munthu. Apa njira zathu zonse zinali zitagwirizanidwa konkire asanathiridwe, ndiye tinatulutsa chojambula cha ma sleeve onse (timapaipi tosiya bowo mu konkire), kukula kwake ndi malo ake, injiniya n'kuchivomereza, ndipo tinawaika mu shatala zitsulo zikumangidwa. Pa nsanjika zitatu zapamwamba sitinaboole bimu ngakhale imodzi. Pansi tinaboola malo awiri, chifukwa model inachedwa ndipo konkire sadikira munthu.

Malo a mahang'ala (zitsulo zopachikira tray ku silabu) nawo anachokera mu model. Kontrakitala wamkulu anali ndi total station, makina aja a pa miyendo itatu amene amaloza malo ndi kuwala. Anzathu anatulutsa manambala a mfundo iliyonse pamene rodi ikuyenera kulendewera, manambalawo analowetsedwa m'makina, ndipo anthu awiri anazindikiritsa nsanjika yonse mu nthawi imene kale tinkathera pa kolido imodzi ndi tepi ndi chingwe cha choko. M'malo ambiri tinaika zogwirira rodi mu shatala momwemo, kotero anyamata sanathe masiku ataimika khosi kuboola silabu, fumbi la konkire likugwera m'maso ndi m'mapapo. Fumbi limenelo lili ndi silica yomwe imawononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo ineyo ndimaliwerengera phinduli pamodzi ndi la ndalama.

Popeza miyezo inali yodalirika, tinayamba kukonzera zinthu pansi. Mu shedi yathu tinkadula ma channel ndi marodi, kumanga mahang'ala athunthu, kupinda ma conduit, n'kulemba nambala pa chilichonse molingana ndi model. Zinkafika pa nsanjika zili m'mitolo, mtolo uliwonse wa chipinda chake. Munthu wogwira ntchito pa benchi, ataima bwinobwino, amapinda conduit mwaukhondo kuposa amene wakhala pamwamba pa makwerero. Zidutswa zotayika zinachepa moonekeratu. Sindinayeze ndi sikelo, koma mulu wa zitsulo zotsala umene kale tinkautaya kumapeto kwa mwezi sunafikenso m'mawondo.

Pa nkhani ya kuwerengera zipangizo ndikufuna ndichenjeze anzanga, chifukwa apa ogulitsa ntchito za BIM amakonda kukokomeza. Zinthu zimene zajambulidwa monga zinthu zenizeni, Revit imaziwerenga molondola: nyale, masoketi, maswitchi, ma DB, kutalika kwa tray ndi conduit, ngodya zake ndi ma tee. Mndandanda wa zimenezi tinaugwiritsa ntchito poitanitsa katundu nsanjika ndi nsanjika ndipo sunatikhumudwitse. Waya ndi nkhani ina. Mu Revit waya ndi mzere wongoonetsa pa pulani, sajambulidwa mu 3D ngati tray, ndipo circuit sidziwa yokha kuti waya wake wadutsa mu conduit iti. Kutalika kumene pulogalamu imapereka poyamba kumachokera pa kuwerengera kwake kwa mtunda pakati pa DB ndi zipangizo, osati njira yeniyeni ya chingwe. Pali chida chosinthira njirayo pamanja, koma pafunika munthu wokhala pansi kuchita zimenezo circuit ndi circuit. Mwezi woyamba anzathu anatipatsa manambala a waya osachita zimenezi, osatiuzanso, ndipo tikanaitanitsa mwa manambala amenewo waya akanapelewera. Akapitawo ndi amene anaona kuti nambala ya circuit ya kumapeto kwa kolido ndi yaifupi kuposa kolidoyo.

Kutalika kumeneku si nkhani yogula yokha. Waya akatalika, mphamvu imatsika panjira. Malamulo a magetsi a ku Britain, BS 7671, amalangiza kuti kutsikako kusapitirire 3 peresenti pa nyale ndi 5 peresenti pa zina, pamene magetsi akuchokera ku kampani yogawa magetsi. Njira ikasintha mu msonkhano wa clash n'kuwonjezera mamita 15, chingwe chimene chinali chokwanira chingathe kukhala chochepa. Ife kuwerengera kwa kunenepa kwa zingwe tinkachitabe padera, ndipo model inkangotipatsa kutalika kolondola titakonza njira. Ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi.

Mindandanda ya ma DB, ija imamatidwa kuseri kwa chitseko cha bolodi, inatuluka bwino. Soketi iliyonse italumikizidwa ku circuit yake, mndandanda umadzilemba wokha ndipo umaonetsa katundu amene ali pa phase iliyonse, kutanthauza pa iliyonse mwa nthambo zitatu zobweretsa magetsi. Pamene mwini nyumba anawonjezera makina awiri m'chipinda china ntchito ili mkati, tinaona tsiku lomwelo kuti phase imodzi yalemedwa ndipo tinasuntha ma circuit pa kompyuta waya asanakokedwe.

Kusintha kumeneku kwandikumbutsa phindu lina limene sindinaliyembekezere. Kontrakitala aliyense amadziwa mkangano wa ntchito yowonjezera. Inu mukuti munasintha, iwo akuti zinali momwemo kuyambira kale, ndipo mapepala amene mukufuna sakupezeka. Apa model ya sabata iliyonse inkasungidwa ndi tsiku lake. Khoma likasuntha, tinkaika ya kale ndi yatsopano pamodzi, kusiyana kwake kukuoneka ndi maso, ndipo mndandanda unkaonetsa zipangizo zimene zawonjezeka. Zopempha zathu za malipiro owonjezera zinadutsa popanda kukokanakokana. Lupangali ndi lakuthwa konsekonse, chifukwa ifenso tikalakwitsa umboni unali pomwepo, koma ndimakonda zimenezo kusiyana ndi kukangana mwa m'mutu.

Zovuta zilipo ndithu, ndipo zina sizitha. Choyamba ndi nthawi. Ntchito yaikulu ya kuganiza imabwera kumayambiriro, pamene simunalandire ndalama yambiri, ndipo akapitawo amene mukanawatuma pa saiti ina akhala pa kompyuta. Ngati simunaike zimenezi mu mtengo wanu potenga ntchito, mulira. Mapulogalamuwo amalipiridwa chaka ndi chaka ndipo si otchipa, Revit imayenda pa Windows pokha, komanso model ya nyumba yonse imafuna kompyuta yamphamvu. Laputopu yathu ya mu ofesi inkalephera ngakhale kuitembenuza. Chinatithandiza ndi Navisworks Freedom, yomwe ndi yaulere ndipo imatsegula mafailo a NWD kuti muone ndi kuyeza, ngakhale simungasinthe kanthu. Muyeneranso kudziwa kuti failo yosungidwa mu Revit ya chaka chatsopano singatsegulidwe mu ya chaka cham'mbuyo, ndiye onse a pa ntchitoyo amayenera kugwirizana chaka chimodzi kuyambira tsiku loyamba. A mipope ankagwiritsa ntchito pulogalamu ina, ndipo zawo zinkabwera kudzera mu IFC, mtundu wa failo wa bungwe la buildingSMART umene mapulogalamu osiyanasiyana amatha kuuwerenga. Maonekedwe ndi malo a mapaipi ankafika bwino, zomwe zinali zokwanira pa clash.

Nkhani imene tinakangana nayo kwambiri ndi anzathu ojambula inali ya LOD, muyezo wa kuchuluka kwa tsatanetsatane mu model. Pa LOD 300 chinthu chimakhala pa kukula kwake ndi malo ake enieni. Pa 350 mumawonjezera zimene zimachilumikiza ndi zina, monga mahang'ala ndi zogwirira. Pa 400 chimakhala chokwanira kuti muchipange mu shedi. Mgwirizano wathu ndi iwo unangoti model yogwirizanitsira ntchito, osatchula nambala. Iwo anamva 300, ine ndinkayembekezera mahang'ala. Pamene tinazindikira, tray zinali zitadutsa clash bwinobwino koma marodi ake ankagwera pa ma duct. Tinalipira ndalama yowonjezera ndipo tinabwereza kolido ziwiri. Mlanduwu ndimaugawa pakati: iwo monga akatswiri anayenera kufunsa, ine monga wolemba mgwirizano ndinayenera kudziwa chimene ndikugula. Tinayeneranso kunena poyera kuti conduit yoyambira kukula kwanji ndi imene ijambulidwe. Kujambula conduit iliyonse ya mamilimita 20 yopita ku switchi n'kutaya nthawi, mmisiri amaipezera njira yekha. Koma ma conduit khumi oyenda pamodzi amadya malo ngati tray, ndipo ayenera kuoneka.

Chopweteka kwambiri ndi pamene model yagwirizanidwa, aliyense wasaina, kenako gulu lina pa saiti likupachika mmene likufunira. Zinachitika pa nsanjika yachiwiri. Opachika mapaipi ozimitsira moto anafika ife tisanafike, anaona kolido yopanda kanthu, n'kudutsitsa paipi yawo molunjika pa njira yathu. Mahang'ala athu anali atamangidwa kale mu shedi molingana ndi model. Apa chinatiteteza ndi mgwirizano, umene unkanena kuti wopatuka pa model yosainidwa achotsa ndi ndalama yake. Anachotsadi, koma masiku atatu anapita. Kontrakitala wamkulu akakhala wofooka pa mfundo imeneyi, ndalama yonse ya BIM mwaitaya, ndipo ine sindingalowenso ntchito yotere ndisanaone ndime imeneyo italembedwa.

Ndinkaopa kuti amisiri achikulire aikana tabuleti. Sizinatero. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyesa kuona m'maganizo mwake mmene mizere ya pa pepala idzakhalire m'mwamba, mukamuonetsa kolido yomweyo mu 3D, kuizungulitsa ndi chala, amamva msanga kuposa wachinyamata. Komabe tinkasindikizabe mapepala, makamaka zodula za kolido zoonetsa msinkhu wa chilichonse kuchokera pansi, n'kuzimata pa khoma. Tabuleti batire imatha, dzuwa likawala sioneka, ndipo manja amakhala ndi fumbi. Ophunzira ntchito awiri amene tinali nawo anapindula kwambiri. Mmodzi mwa iwo, mtsikana wa chaka chachiwiri, wayamba kale kuphunzira Revit madzulo, ndipo ndikuona kuti ndi iyeyo amene adzatijambulire mtsogolo, chifukwa iye chingwe anachikokapo.

Popereka nyumba, mgwirizano unkafuna model yoonetsa mmene zinthu zamangidwira, pamodzi ndi mndandanda wa zipangizo wa mtundu wa COBie, woti osamalira nyumba adziwe chilichonse dzina lake, wochipanga, nambala yake ndi chipinda chimene chili. Anzathu anatiumiriza kuti Lachisanu lililonse tizitumiza zimene zasintha pa saiti, zojambulidwa ndi cholembera chofiira kapena pa foni. Nthawi imeneyo zinkanditopetsa. Pamapeto pake zojambula zomaliza zinatuluka m'masiku ochepa, pamene kale zinkatidya miyezi tikuyesa kukumbukira zimene zili kuseri kwa siling'i yotsekedwa, malipiro omaliza atagwidwa.

Kodi ndingawalembenso anzathuwa? Eya, ndipo tayamba kale kukambirana za ntchito ina. Amayankha msanga, amamvera munthu wa pa saiti, ndipo pa kusanja ma clash ndi kutulutsa mfundo za total station ndi akatswiri. Kufooka kwawo n'kwakuti ambiri mwa iwo anaphunzira kompyuta asanaphunzire magetsi, ndiye osawasiya okha. Kodi BIM ndi ya ntchito iliyonse? Ayi. Pa nyumba yogona ya zipinda zitatu kapena sitolo yaing'ono, pulani wamba ndi mmisiri wodziwa ntchito n'zokwanira. Imayamba kubweza ndalama pamene siling'i yadzaza, pamene pali riser, chipinda cha makina, zingwe zikuluzikulu ndi magulu atatu kapena anayi olimbirana malo amodzi: zipatala, mahotela, mafakitale, nyumba za makompyuta. Ndipo eni ntchito zotere akuifuna kaya ife tikonde kaya ayi. Boma la Britain linayamba kuifuna pa ntchito zake zomanga kuyambira mu April 2016, ndipo mu 2018 panatuluka magawo awiri oyamba a ISO 19650, muyezo wa dziko lonse lapansi wa mmene uthenga wa ntchito zotere uyenera kuyendetsedwera. Mawu a muyezo umenewu ndi amene tsopano tikuwapeza m'mapepala a ma tender, opikisanirana ntchito, ndipo ndi bwino kuwerenga chikalata chotchedwa BIM Execution Plan musanaike mtengo, chifukwa ndi mmene mumalembedwa kuti ajambule chiyani ndani, pa LOD iti, ndipo pofika liti.

Pa ntchito ikubwerayi ndalemba kale zinthu zinayi mu mgwirizano wathu ndi ojambula: LOD 350 m'makolido onse ndi 400 m'chipinda cha bolodi yaikulu, mfundo yoyambira itsimikizidwe ndi wogwirizanitsa ntchito mzere woyamba usanajambulidwe, manambala a waya asatumizidwe njira zake zisanakonzedwe, komanso wojambula aliyense watsopano ayambe wakhala sabata imodzi pa saiti ndi akapitawo. Mfundo yomalizayi anaivomera mosavuta. Mnyamata uja anafika Lolemba lapitali atavala chisoti ndi nsapato zachitsulo, ndipo akapitawo anamupatsa mbali yake pa chingwe cha armoured chopita ku riser.